Lipoti la Masensa Ozindikira Mpweya Woopsa: Nkhani ya Kampani ya Dräger

Ntchito yanga ndi yoyesa ndi kukonza zipangizo zimene zimalira zikamva mpweya woopsa, zina zovala pachifuwa ndipo zina zokhoma pakhoma m'mafakitale, m'malo osungira mafuta ndi m'migodi. Lipoti lino likunena za kampani imodzi yopanga zipangizozi, ya Dräger, imene likulu lake lili mumzinda wa Lübeck kumpoto kwa Germany. Ndaisankha chifukwa imapanga yokha masensa ambiri a m'kati mwa zipangizo zake, ndiko kuti tizigawo timene timamva mpweyawo, komanso chifukwa mpaka lero ikugulitsabe njira yoyezera mpweya imene inayamba mu 1937, pambali pa zipangizo zamakono zotumiza uthenga popanda waya. Munthu wakunja kwa ntchitoyi angadabwe kuti bwanji kampani yotere sinasankhe njira imodzi yabwino koposa n'kutaya zinazo. Zimene ndaona pa benchi langa n'zakuti sensa iliyonse ili ndi pamene imasiya kunena zoona, ndipo masensa ena amasiya mwakachetechete, chipangizo chikuoneka chamoyo ndithu.

Kumene kampaniyi inachokera

Johann Heinrich Dräger anayambitsa kampaniyi mu 1889 pamodzi ndi Carl Adolf Gerling, ndipo chinthu choyamba chimene chinawatchukitsa sichinali cha m'migodi ayi, koma valavu yotchedwa Lubeca, yochepetsa mphamvu ya mpweya wa carbon dioxide wotuluka m'silinda kuti ogulitsa mowa azikoka mowa m'migolo popanda ngozi. Luso lolamulira mpweya wothinikizidwalo ndi limene mwana wa Johann Heinrich, Bernhard Dräger, analitembenuzira ku makina opumira a anthu opulumutsa anzawo. Pa 10 Malichi 1906 mgodi wa malasha wa Courrières ku France unaphulika n'kupha anthu 1,099, ndipo magulu opulumutsa ochokera kudera la Ruhr ku Germany anapitako atanyamula makina opumira, ena mwa iwo a Dräger. Kuyambira nthawi imeneyo dzina la kampaniyi linamamatira ku ntchito ya m'migodi, moti ku America ndi ku Canada anthu opulumutsa anzawo pansi pa nthaka anayamba kutchedwa draegermen. Kampaniyi ikutsogoleredwabe ndi banja lomwelo, ndipo Stefan Dräger, wa m'badwo wachisanu, wakhala pampando kuyambira 2005.

Makina opumira amathandiza munthu amene akudziwa kale kuti mpweya ndi woipa. Vuto lalikulu la m'migodi linali kudziwa kumeneko nthawi isanathe. Anthu ankadalira lawi la nyale ya Davy ya mu 1815 pofuna kuona mpweya wotha kuphulika wa methane, ndiponso timbalame ta canary pofuna kudziwa za carbon monoxide, ndipo m'migodi ya ku Britain timbalameti tinasiya kugwiritsidwa ntchito mu 1986 mokha. Ngozi ya methane si yachilendo kwa ife: pa 6 Juni 1972 mgodi wa malasha wa Wankie Namba 2, ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, unaphulika ndi kupha anthu oposa 400, ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique.

Kachubu kagalasi

Mu 1937 kampaniyi inatulutsa kachubu kagalasi kodzaza ndi mankhwala osintha mtundu akakumana ndi mpweya umene ukufufuzidwa. Woyeza amathyola nsonga zonse ziwiri, amalowetsa kachubuko m'pampu yam'manja imene imakoka mamililita 100 a mpweya pa kufinya kulikonse, ndipo akafinya maulendo amene alembedwa pakachubupo amawerenga pamene mtundu wafika pa mizere yolembedwa pagalasi. Lero pali timachubu toyezera mitundu yambirimbiri ya mpweya ndi nthunzi za mankhwala.

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa amakonda kukanyoza kachubuka poona kuti kalibe batire kapena sikirini, ndipo n'zoona kuti sikachenjeza munthu: kamangonena za mpweya wa pamalo amodzi pa mphindi imodzi, kenako n'kutayidwa. Komabe ndimakasunga m'bokosi langa pa chifukwa chimodzi. Chipangizo chamagetsi chikandipatsa nambala imene ndikuikayikira, kachubu ndi mboni ina yosadalira magetsi, imene njira yake yolakwira ndi yosiyana kotheratu ndi ya sensa. Chofunika n'kuyang'ana tsiku lothera ntchito pa paketi ndi kusasunga timachubu padzuwa m'galimoto, chifukwa mankhwala ake amawonongeka ndi kutentha.

Sensa yoyaka ndi kufa kwake kwachinsinsi

Sensa yozindikira mpweya wotha kuphulika imene yafala kwambiri imatchedwa pellistor, ndipo inapangidwa ku Britain pofufuza za chitetezo cha m'migodi zaka za m'ma 1960 zisanafike pakati. A Dräger amapanga yawo pansi pa dzina lakuti CatEx. M'kati mwake muli timikanda tiwiri tating'ono, kalikonse kokutira kawaya ka platinamu kopotana, ndipo magetsi amatenthetsa timikandato kufika pafupifupi madigiri 500. Kamkanda kamodzi n'kopakidwa chitsulo chothandiza kuyaka, kenako sikopakidwa. Methane kapena propane akafika, amayaka pamwamba pa kamkanda kopakidwako, kawaya kamatentha kwambiri, magetsi amavutika kudutsamo kuposa m'kawaya kenako, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene chipangizo chimasandutsa nambala.

Nambalayo sinena kuchuluka kwa mpweya mwachindunji, koma imanena kuti watsala pang'ono bwanji kufika pamlingo wotha kuphulika, umene pa zipangizo umalembedwa kuti LEL. Apa pali msampha umene wagwetsa amisiri ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa, kumene zipangizo ndi masilinda a mpweya woyesera zimachokera mbali zonse ziwiri za nyanja. Malamulo a ku Ulaya amati methane amayamba kuphulika akafika pa 4.4 peresenti ya mpweya wonse, pamene ku America amawerengera 5 peresenti. Silinda yokhala ndi 2.5 peresenti ya methane ndi 50 peresenti ya LEL kwa Amereka, koma ndi pafupifupi 57 peresenti kwa a ku Ulaya. Mmisiri akauza chipangizo cha ku Ulaya kuti silindayo ndi 50, kuyambira tsiku limenelo chidzanena nambala zochepa kuposa zenizeni, ndipo palibe chimene chidzaonetsa kuti pali cholakwika.

Pellistor imafuna okosijeni kuti iyatse mpweya. M'thanki imene yatsukidwa ndi naitirojeni, kapena pamalo pamene methane wachuluka mpaka kukankha okosijeni, nambala imatha kutsika pamene ngozi ili pachimake. N'chifukwa chake zipangizo zabwino zimati zikangofika pa 100 peresenti ya LEL zimakhalabe zikulira mpaka munthu atazitulutsira kumpweya wabwino ndi kuzikhazikanso. Koma mdani wamkulu wa pellistor ndi poizoni. Nthunzi ya silicone ikayaka pa kamkanda imasiya chikutiro ngati galasi chimene chimatseka chitsulo choyatsira, ndipo chikutirochi sichichoka. Mankhwala a mtovu ndi ena a sulufule amawononganso. Kawaya sikaduka, magetsi amadutsa bwinobwino, sikirini imaonetsa ziro monga mwa masiku onse, ndipo chipangizo chilibe njira yodziwira kuti chachita khungu.

Zimenezi ndinaziona ndi maso pa fakitale ina imene sindiitchula dzina, monganso sinditchula amene anapanga zipangizo zake, popeza vutoli silisankha kampani. Anandibweretsera zipangizo zovala pachifuwa kuti ndiziyese monga mwa nthawi zonse, ndipo zonse zinayaka ndi kudziyesa zokha popanda dandaulo. Nditazipatsa methane wa m'silinda, zambiri zinanena nambala yoyenera, koma za gulu limodzi la amisiri zinangosuntha pang'ono osafika n'komwe pamlingo wa alamu yoyamba. Poyamba ndinakayikira silinda yanga ndi kapaipi kanga, koma zipangizo za magulu ena zinali zitayankha bwino pa silinda yomweyo. Kenako ndinakayikira sefa yakutsogolo kwa sensa, n'kuisintha, koma palibe chinasintha. Nditafunsa kumene zipangizozo zimagona, ndinamva kuti gululo limazisiya m'galimoto yawo ya ntchito, ndipo woyendetsa, bambo waukhondo kwambiri, ankapukuta dashibodi m'mawa uliwonse ndi polishi wopopera. Pa chitini cha polishiyo panalembedwa silicone. Amisiriwo anali akulowa m'maenje ndi zipangizozo tsiku ndi tsiku, akukhulupirira ziro amene anali pa sikirini.

Tinasintha masensa, tinachotsa polishi m'galimoto, ndipo tinasamutsira malo osungira zipangizo m'chipinda chopanda zopopera ndi zomatira. Koma chimene chinathetsadi vutoli ndi lamulo lakuti chipangizo chilichonse chizinunkhizidwa mpweya wa m'silinda tsiku lililonse ntchito isanayambe, kuyesa kumene amisiri timakutcha bump test. Sikutenga nthawi yaitali, ndipo sikukonza muyezo wa chipangizo. Kumangotsimikiza kuti mpweya ukufika pa sensa, sensa ikuyankha ndipo alamu ikulira. Akuluakulu a fakitale anadandaula za mtengo wa masilinda, ndipo dandaulo lawo linali lomveka, chifukwa mpweya woyesera umachokera kutali ndipo wa hydrogen sulfide sukhalitsa m'silinda. Ndinawayankha kuti chipangizo chosayesedwa chimaika munthu pangozi yaikulu kuposa kusakhala nacho, popeza wopanda chipangizo amalowa m'dzenje mwamantha, pamene wovala chakufa amalowa molimba mtima.

Kampani ya Dräger inayankha vutoli mbali ziwiri. Inapanga mtundu wa CatEx wopirira poizoni, wolembedwa PR, umene umatenga nthawi yaitali usanafe. Mawu akuti wopirira ayenera kumveka monga momwe alili: sakutanthauza kuti sungafe. Mbali yachiwiri, imene kwa ine ndi yofunika kuposa yoyambayo, ndi makina otchedwa X-dock, momwe wantchito amangoikamo chipangizo chake, makinawo n'kuchipatsa mpweya, kuona ngati chayankha ndi kusunga mbiri yake. Wopanga masensa akamagulitsanso makina owayesera tsiku ndi tsiku ndiye kuti akuvomereza poyera kuti sensa yake siyenera kukhulupiriridwa popanda umboni, ndipo kuvomereza kumeneku ndimakulemekeza. Ku Germany malangizo a mabungwe oona za ngozi za pantchito amafunanso kuti zipangizo zonyamula ziziyesedwa ndi mpweya tsiku lililonse la ntchito, kotero makinawa ali ndi msika wokhazikika kwawo komweko.

Kuwala m'malo mwa moto

Njira ina yozindikira mpweya woyaka imagwiritsa ntchito kuwala kwa infrared. Methane ndi abale ake amameza kuwala kumeneku pamene mafunde ake ali a utali wa pafupifupi mamaikiromita 3.3, ndipo carbon dioxide amameza pafupi ndi 4.3. Sensa imatumiza kuwala kudutsa mumpweya ndi kuyerekeza kumene kwafika ndi kuwala kwina kumene mpweyawo sukumeza. Ubwino wake ndi waukulu. Sifuna okosijeni, silicone sangaiphe, ndipo chofunika koposa n'chakuti nyale yake ikathima kapena galasi likada, kuwala kumasowa mbali zonse ziwiri ndipo chipangizo chimanena chokha kuti chili ndi vuto. Imafa mofuula, pamene pellistor imafa mwakachetechete.

Komabe walira mvula walira matope. Sensa ya infrared siona haidirojeni ngakhale pang'ono, chifukwa mpweya umenewu sumeza kuwala kotere. M'chipinda chotchajira mabatire kapena pamalo opangira haidirojeni, chipangizo chodula cha infrared chidzaonetsa ziro mpaka mpweya utaphulika, pamene pellistor yotsika mtengo ikanalira kalekale. Ndakumanapo ndi oyang'anira chitetezo amene anachotsa mapellistor onse poganiza kuti akupita patsogolo, osafunsa kuti ndi mpweya uti umene ulipo pamalo awo. Popeza mayiko ambiri tsopano akuika ndalama mu haidirojeni, sensa yakaleyo yapezanso ntchito, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene kampaniyi sinaitaye.

Mu 2015 a Dräger anagula kampani yaing'ono ya ku Oslo m'dziko la Norway yotchedwa GasSecure, imene inapanga chipangizo cha infrared chotchedwa GS01, choyendera batire ndiponso chotumiza uthenga popanda waya. Amene anaikapo zipangizo zokhoma amadziwa kuti kawirikawiri ndalama zambiri sizipita ku sensa, koma ku mawaya, mapaipi otetezera mawayawo ndi ntchito yowayala m'malo amene kathetheka kamodzi kangayatse moto. Vuto la chipangizo chopanda waya ndi lakuti nyale ya infrared imadya batire. A GasSecure anaikamo kachipangizo kena kodya magetsi ochepa kwambiri, kamene kamayeza liwiro la mafunde a phokoso mumpweya, ndipo liwirolo likasintha kusonyeza kuti mumpweya mwalowa china chake, kamadzutsa sensa ya infrared kuti iyeze bwinobwino. Mwa njira imeneyi batire imatha kukhala pafupifupi zaka ziwiri.

Za masensa a mpweya wa poizoni ndinena mwachidule. Amagwira ntchito ngati kabatire: mpweya ukafika pa chitsulo chonyowa ndi mankhwala, pamatuluka magetsi ochepa olingana ndi kuchuluka kwake. Ndi amene amayeza carbon monoxide, hydrogen sulfide ndi okosijeni, amene mumpweya wabwino amakhala 20.9 peresenti ndipo alamu kawirikawiri imaikidwa pa 19.5. Hydrogen sulfide amanunkha ngati dzira lovunda akakhala wochepa, koma akafika cha m'ma 100 ppm, ndiko kuti magawo 100 pa miliyoni, amapha mphamvu ya mphuno, moti munthu amaganiza kuti fungo latha pamene ngozi yakula. Masensawa amauma m'malo otentha ndi ouma, amakalamba ngakhale asakugwiritsidwa ntchito, ndipo ya carbon monoxide imatha kusokonezedwa ndi haidirojeni n'kulira pachabe. Chipangizo chovala ngati X-am 5000 chimaphatikiza masensa a mitundu yosiyana kuti chiyeze mipweya mpaka isanu nthawi imodzi.

Kuteteza munthu ndi kuwerenga mpweya wotayika

Zaka zaposachedwa makasitomala ayamba kufunsa funso latsopano. Safuna kudziwa za kuphulika kokha, koma za kuchuluka kwa mpweya umene ukuthawa m'mapaipi awo kupita mumlengalenga. Pa msonkhano wa za kusintha kwa nyengo wa COP26 ku Glasgow mu 2021 mayiko oposa 100 analonjeza kuchepetsa methane wotayika padziko ndi 30 peresenti pofika 2030 poyerekeza ndi 2020, ndipo mu 2024 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani a mafuta, gasi ndi malasha kufufuza pamene pakutuluka methane ndi kukonzapo. Chifukwa chake n'chakuti pa zaka 20 methane amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide maulendo pafupifupi 80.

Ambiri amaganiza kuti popeza ali kale ndi masensa a methane pakhoma, ntchito yatsopanoyi yatheka kale. Masamu akukana. Gawo limodzi pa 100 la LEL ya methane ndi 440 ppm, ndipo alamu yoyamba ikaikidwa pa 20 peresenti ya LEL ndiye kuti ikudikira 8,800 ppm. Mumpweya wamba wa padziko muli methane wochepera pang'ono 2 ppm, ndipo malamulo a bungwe loona za chilengedwe la EPA ku America okhudza mafuta ndi gasi amatenga 500 ppm woyezedwa pa valavu penipeni ngati kutuluka koyenera kukonzedwa. Valavu ya panja imatha kutaya methane chaka chathunthu, mphepo n'kumamubalalitsa, sensa ya chitetezo imene ili mamita ochepa kuchokera pamenepo osasuntha n'komwe. Sensayo sinalakwe, chifukwa inapangidwa kuti iyankhe funso lakuti kodi pano pangaphulike, ndipo yankho lake lakuti ayi ndi loona. Ntchito yowerenga mpweya wotayika ikugwiridwa ndi zida zina, monga makamera oona gasi, zoyezera za laser, ndi masetilaiti ngati Sentinel-5P ya ku Ulaya imene inaponyedwa mu 2017, ndipo m'gawo limeneli muli makampani ambiri atsopano amene sanachokere ku chitetezo cha m'migodi.

Pamene ndaona a Dräger akutsikira ku milingo yaing'ono chotere ndi pa nthunzi za mankhwala zoyambitsa khansa. European Union inatsitsa mlingo wa benzene wololedwa pantchito kuchoka pa 1 ppm kufika pa 0.5 mu 2024, ndi kuika 0.2 kuyambira 2026. Sensa wamba ya PID, imene imagwiritsa ntchito nyale ya ultraviolet, imamva nthunzi zochepa kwambiri koma imaziphatikiza zonse pamodzi, moti siingasiyanitse benzene ndi nthunzi zina za petulo. A Dräger anagula gawo la kampani yaing'ono ya ku Hamburg yotchedwa bentekk, ndipo kuchokera kumeneko kunatuluka chipangizo cha X-pid, chimene chimayamba chalekanitsa nthunzizo m'kapaipi kenako n'kuyeza iliyonse payokha. PID yomweyo siona methane, chifukwa mphamvu ya nyale yake sikwanira kumugwedeza, kotero chipangizo chomva benzene wochepa chotere chingakhale chete pakati pa methane wokwana kugwetsa nyumba.

Kasitomala akandipempha chipangizo chimodzi choti chiteteze antchito komanso chiwerenge mpweya wotayika, sindiyamba ndi kabuku ka mitengo. Ndimamupempha mndandanda wa mipweya yonse imene ingapezeke pamalo ake, kuphatikizapo yochokera ku mabatire, ku zimbudzi ndi ku mankhwala otsukira. Ndimafunsa ngati pali matanki otsukidwa ndi naitirojeni, ngati amisiri amagwiritsa ntchito zomatira kapena zopopera za silicone, ndi kumene adzagule masilinda oyesera miyezi ikubwerayi. Pa fakitale ya vuto la polishi ija mayankho a mafunso amenewa anatipangitsa kuika infrared pa zipangizo za olowa m'matanki, kusiya pellistor m'chipinda cha mabatire, ndi kulemba pa silinda iliyonse ndi cholembera chosafufutika kuti LEL yake yawerengedwa pa 4.4.